xrdp: kompyuta imodzi, aphunzitsi 6 akugwira ntchito nthawi imodzi

Kompyuta ya masiku ano ili ndi mphamvu zoposa zimene munthu mmodzi wolemba kalata amafuna. Munthu akamataipa mayeso kapena kuwonkhetsa malikisi, purosesa imangokhala ikudikira, memori yambiri ili chigonere. M'chipinda chomwecho mumapezeka makompyuta akale amene kutsegula fayilo imodzi yokha mpaka munthu atopa kudikira. Pa ntchito yanga yokonza ndi kulumikiza makompyuta, anthu amakonda kundifunsa ngati n'zotheka kuti anthu angapo alowe mu kompyuta yamphamvuyo nthawi imodzi, aliyense atakhala pa makina ake akale, aliyense akuona desktop yakeyake. N'zotheka ndithu, ndipo pulogalamu imene ine ndimaidalira pa ntchitoyi ndi xrdp. Ndi yaulere ndipo imayenda pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imaikidwa m'malo mwa Windows. Ndinaiika pa sukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma kuno ku Zomba, ndipo zimene ndinene pano ndi zomwe ndaona kumeneko.

Ndiyambe ndi Windows, poti ndiyo anthu ambiri ali nayo ndipo ndi kumene funsoli limayambira. Njira yolowera mu kompyuta uli patali, yomwe imatchedwa RDP, ndi ya Microsoft. Inabwera mu 1998 ndi Windows NT 4.0 Terminal Server Edition, yomwe inamangidwa pa luso la kampani ya Citrix, ndipo cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali chomwechi, anthu ambiri pa makina amodzi. Koma Microsoft inasunga mwayi umenewu pa Windows Server basi. Windows 10 Pro kapena Windows 11 Pro imalola munthu mmodzi yekha pa nthawi. Wina akalowa ali patali, amene wakhala pa kompyutapo amauzidwa kuti apereke mpata, sikirini yake n'kutsekeka. Ya Home ndiye siilola n'komwe kuti munthu alowemo kudzera pa RDP, ngakhale iyo ingathe kulowa mwa ina. Sikuti makinawo alephera ayi, ndi lamulo la laisensi.

Njira yovomerezeka ndi kugula Windows Server. Imeneyo imalola anthu awiri kulowa nthawi imodzi pofuna kuiyang'anira, ndipo mukafuna oposa pamenepo mumayatsa Remote Desktop Services n'kugula laisensi yotchedwa RDS CAL ya munthu aliyense kapena ya makina alionse. Amakupatsani masiku 120 oyeserera, akatha amenewo muyenera kukhala mutagula. Word ndi Excel nazo zimafuna laisensi ya mtundu wina kuti ziyende pa seva yotere. Zonsezi mitengo yake ndi ya madola, ndipo kuyambira pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, sukulu yodalira fizi ya makolo a ku Chinamwali ndi ku Matawale singayambe n'kuganizira komwe. Pali makampani ena monga Thinstuff ndi TSplus amene amagulitsa mapulogalamu otsegula Windows kuti ilandire anthu ambiri, koma kuwalipira iwowo sikuchotsa malamulo a laisensi ya Microsoft.

Anyamata ambiri okonza makompyuta amathamangira RDP Wrapper, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa tsiku loyamba imaoneka ngati yathetsa zonse. Kapulogalamu kameneka kamakhala pakati pa Windows ndi fayilo yotchedwa termsrv.dll, n'kumaiuza kuti ilole anthu ambiri. Kuti katero kamadalira fayilo ya rdpwrap.ini, momwe munalembedwa malo enieni oti kakhudze pa mtundu uliwonse wa termsrv.dll. Windows ikalandira zosintha za pamwezi n'kubweretsa termsrv.dll yatsopano, malo aja amasuntha, ndipo mukatsegula RDPConf, kawindo koonetsa momwe RDP Wrapper ikuyendera, mumapeza mawu ofiira onena kuti mtunduwo sukudziwika. Ogwira ntchito afika m'mawa, wachiwiri akalowa woyamba akutulutsidwa. Mwini wa RDP Wrapper anatulutsa mtundu womaliza, 1.6.2, mu December 2017, ndiye kuchokera pamenepo anthu amangotolera mafayilo a ini olembedwa ndi anthu osawadziwa pa intaneti. Ena pofuna kupewa vutoli amazimitsiratu zosintha za Windows, kenako amazimitsanso antivirus poti imakagwira kapulogalamuko. Kompyuta yosunga mayeso a ana ndi malikisi awo, yopanda zosintha, yopanda antivirus, yoswanso laisensi, ine sindingaisiye m'manja mwa kasitomala n'kukagona tulo.

Pa Linux nkhani ya malire a anthu kulibe. Unix, kholo lake, inapangidwa kuti anthu ambiri azigwiritsa ntchito makina amodzi, ndipo Linux inatengera khalidwe lomwelo. Chimene xrdp imachita ndi kulankhula chinenero cha RDP, kuti pulogalamu iliyonse yolowera mu Windows ithenso kulowa mu Linux. Anaiyambitsa ndi Jay Sorg mu 2004, ndipo lero imasamalidwa ndi gulu la neutrinolabs pa GitHub. Munthu akalumikiza, amaona kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi. Akalemba zolondola, mbali ina ya pulogalamuyi yotchedwa sesman imamutsegulira desktop yake, yosiyana ndi ya mnzake, yokhala ndi mafayilo ake ndi mapulogalamu ake. Makina akale aja ntchito yawo imangotsala kuonetsa zithunzi pa sikirini ndi kutumiza zimene munthu wadina pa kiyibodi ndi pa mausi. Kuwerengera konse kumachitikira pa kompyuta yaikulu ija.

Pa sukulupo panali makompyuta 6 a Core 2 Duo okhala ndi memori ya 2 GB, omwe anaperekedwa ndi akufuna kwabwino kalekale. Windows 11 sangainyamule, poti imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi memori yosachepera 4 GB, ndipo Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Ahedi anali ndi ndalama zokwana kompyuta imodzi yabwino, kapena ziwiri zapakatikati. Ndinawauza kuti, "Bwana, gulani imodzi, koma ndalama yotsalayo tiike pa memori ndi pa batire." Iwo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye achimwene, aphunzitsi enawo azikhala pa mzere?" Ndinawapempha kuti andilole ndiwaonetse kaye. Tinagula Dell OptiPlex yogwiritsidwapo kale ntchito, ya Core i5 ya m'badwo wa 8, tinaikamo memori ya 32 GB ndi SSD, ndi disiki ina yachiwiri yosungira makope. Ndinaikamo Xubuntu 24.04, mtundu wa Ubuntu Linux wobwera ndi desktop yopepuka yotchedwa Xfce. M'makina akale aja ndinaikamo Linux yopepuka ya Debian ndi Remmina, pulogalamu yolowera mu kompyuta ina kudzera pa RDP, yoti ikangoyaka izitsegula yokha kabokosi kolowera. Onse analumikizidwa ndi mawaya ku switch imodzi, kabokosi kolumikiza makompyuta, ya mabowo 8.

Kuika xrdp yeniyeniyo sikutenga nthawi. Mumalemba sudo apt install xrdp, ndipo imabwera limodzi ndi xorgxrdp, yomwe ndiyo imajambula desktop ya aliyense. Kenako sudo adduser xrdp ssl-cert kuti ithe kuwerenga kiyi yobisira zokambirana pakati pa makina. Mphunzitsi aliyense mumamutsegulira akaunti yake. Ine ndimapanganso gulu la tsusers n'kuikamo okhawo oyenera kulowa, kenako mu fayilo ya /etc/xrdp/sesman.ini ndimasintha AlwaysGroupCheck kukhala true kuti a m'gululo okha ndiwo azilowa, ndi AllowRootLogin kukhala false kuti akaunti yaikulu ya root isamalowe. M'fayilo yomweyo muli MaxSessions, malire a olowa nthawi imodzi, yomwe imabwera italembedwa 50. Kuona nambala imeneyo pamene ku Windows Pro ndi munthu mmodzi, umamvetsa kuti malire enieni ndi memori ya makina ako basi.

Pa mtundu wa desktop, sankhani Xfce, musalimbane ndi GNOME. Ubuntu wamba amabwera ndi GNOME, yomwe ndi yolemera, ndipo anthu 6 akaitsegula pamodzi memori imatha msanga. Komanso xrdp imadalira njira yakale yoonetsera zithunzi pa sikirini yotchedwa X11, pomwe GNOME ikusamukira ku yatsopano yotchedwa Wayland. Pa Ubuntu 24.04 GNOME ilinso ndi njira yakeyake yolowera patali yomwe imagwiritsa ntchito port 3389, khomo lomwelo limene xrdp imalandirirapo anthu, ndiye mukayatsa zonse ziwiri zimalimbirana khomo. Xfce ndi yosakongola kwenikweni koma imayankha msanga, ndipo mphunzitsi wozolowera Windows 7 amapeza batani la menyu pakona, mafoda pa desktop, n'kuyamba ntchito osafunsa zambiri.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndinachiona sabata yolemba masukulu lipoti, kumapeto kwa teremu. M'chipinda cha aphunzitsi makina onse 6 anali ndi munthu. Amayi ophunzitsa Biology anali pakati polowetsa malikisi a Fomu 3 mu LibreOffice Calc, yomwe ili ngati Excel, ndandanda ya ana oposa 60, atafika cha pa dzina la nambala 40, magetsi n'kuzima. Masikirini onse anada. Amayiwo anagwira kumutu, chifukwa sanasunge kuyambira pomwe anayamba. Koma kompyuta yaikulu ija, pamodzi ndi switch, zili pa inivata ndi batire mu ofesi ya ahedi, ndipo sizinazime. Mphunzitsi wina anawabwereka laputopu yake ya Windows, tinalowetsa waya, anatsegula Remote Desktop Connection, pulogalamu ya mu Windows yolowera pa RDP, analemba dzina lawo ndi pasiwedi. Ndandanda ija inatulukira momwe anaisiyira, kachizindikiro kakuphethira m'kabokosi komwe anali kulemba, nambala 5 yoyamba ya 57 ili pomwepo kudikira 7. Anamaliza kalasi yonse pa batire ya laputopuyo.

Izi zimatheka chifukwa kuduka kwa waya kapena kuzima kwa makina amene wakhalapo sikutseka session yako, kutanthauza desktop yako ndi zonse zimene watsegulamo. Imakhalabe yamoyo pa seva, kompyuta yaikulu ija, kudikira kuti ubwere, kaya ubwerera pa makina omwewo kapena ena. Kwa ife amene magetsi amatithawa kawirikawiri, phindu limeneli lokha ndi lokwanira. M'malo mogula UPS, batire yothandiza magetsi akazima, ya kompyuta iliyonse, mumateteza imodzi. Mphunzitsi akhozanso kusiya mayeso ali pakati, kupita kukaphunzitsa, pobwera apeza mnzake wakhala pampando wake, iye n'kungokhala pa makina ena n'kupitiriza. Mkangano uja wakuti "mafayilo anga ali mu kompyuta iyo, tachokanipo kaye" unatha.

Ubwino womwewu uli ndi mbali yake yovuta. Anthu amazolowera kungotseka windo la Remmina osatuluka mu akaunti, ndiye ma session osiyidwa amaunjikana, aliyense atagwira memori yake, Firefox ili chitsegukire. Mu sesman.ini muli KillDisconnected ndi DisconnectedTimeLimit, zomwe zimatseka session ikakhala yosiyidwa kwa nthawi imene mwaika, yowerengedwa m'masekondi. Ine ndinaika maola 12, kuti ntchito ya tsiku limenelo isatayike magetsi akachedwa kubwera, koma ya dzana isamangokhala. Aphunzitsi ndinawauza poyera kuti chosasungidwa pofika m'mawa mwake chapita.

Za memori ndinene zimene ndimaona pa htop, kapulogalamu koonetsa momwe memori ndi purosesa zikugwirira ntchito. Xfce ndi LibreOffice sizidya zambiri, anthu 6 akutaipa purosesa siimva n'komwe. Chimene chimadya ndi intaneti. Munthu mmodzi akatsegula masamba 20 mu Firefox, Facebook, YouTube ndi zina, amatenga memori yoposa ya anzake onse olemba mayeso. Zili ngati kudyera m'mbale imodzi, wina akamatema mbamu zikuluzikulu enawo amazindikira msanga. Ndi 32 GB sitinafikepo poti makina aime, koma sindingalangize munthu kuti ayese anthu 6 pa 8 GB. Ngati ndalama zavuta, chepetsani pa purosesa, memori ndi SSD musazikhudze. Ndipo mulumikize ndi waya. Pa Wi-Fi zimayenda, koma chilembo chimachedwa pang'ono kutuluka ukadina, ndipo kwa munthu wotaipa masamba 10 a mayeso kachedwedwe kameneko kamatopetsa.

Mavidiyo ndiye musayembekezere zambiri. Mtundu wa xrdp umene umabwera ndi Ubuntu 24.04 ndi wa mndandanda wa 0.9, ndipo vidiyo ikadzaza sikirini imadumphadumpha. Mndandanda wa 0.10, umene unayamba kutuluka mu 2024, unakonzako mbali imeneyi, koma ine pa makina a kasitomala ndimakonda kukhala ndi zimene zabwera ndi Ubuntu yemweyo kuti zosintha zachitetezo zizibwera zokha. Mawu nawo satuluka mpaka mutaika pipewire-module-xrdp. Misonkhano ya pa Zoom yofuna kamera, aphunzitsi amachitira pa mafoni awo. Pa chipinda cha aphunzitsi izi si nkhani yaikulu, koma amene akufuna labu yoti ana azionera mavidiyo a sayansi aganize kawiri.

Chosowa chimene chimandiwawa kwambiri ndi pulinta. Pa Windows Server, pulinta yolumikizidwa ku makina amene wakhalapo imaonekera yokha mu session yako. xrdp sichita zimenezi. Pa sukulupo tinazungulira vutoli mosavuta, poti onse ali m'nyumba imodzi: pulinta tinailumikiza ku netiweki, tinaiika pa seva kudzera mu CUPS, pulogalamu ya Linux yoyendetsa mapulinta, ndipo aliyense amaiona. Koma munthu wolowa ali kunyumba amene akufuna kupulinta pa pulinta ya kunyumba kwakeko ayenera kusandutsa chikalatacho PDF, kuchikokera pa laputopu yake, n'kupulinta kuchokera pamenepo. Ofesi yokhala ndi nthambi ku Mzuzu ndi ku Blantyre, iliyonse ndi pulinta yake ya malisiti, ingavutike nazo tsiku ndi tsiku.

Mafulashi amayenda bwino. Mukalola kugawana foda mu Remmina kapena ma drive mu Remote Desktop Connection, fulashi imaonekera mu foda yotchedwa thinclient_drives. Dzinalo limasokoneza anthu, ndiye ndinaika kanjira kachidule pa desktop ya aliyense kolembedwa kuti Fulashi yanga. Kukopa fayilo yaikulu kumachedwerapo, koma zikalata wamba zimadutsa msanga. Pamenepa palinso mpumulo wina umene aliyense wokonza makompyuta m'masukulu angaumvetse. Mafulashi a aphunzitsi amayenda m'malo opangitsa fotokope m'tauni monse, ndipo amabwera ndi kavairasi kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Pa Linux kameneka sikayenda, mafoda obisidwa aja amaoneka bwinobwino. Kale ndinkaitanidwa pa nkhani imeneyi pafupipafupi, pano zinatha.

Pali tinthu tiwiri timene aliyense woyamba kumene amakumana nato. Koyamba ndi sikirini yakuda. Munthu akalowa pa kompyuta yaikuluyo ali pomwepo, kenako n'kuyesa kulowanso ndi akaunti yomweyo ali patali, nthawi zambiri amangoona mdima kapena amatulutsidwa. Akaunti imodzi isakhale ndi desktop ziwiri. Ine ndinachotseratu sikirini ndi kiyibodi pa seva, ndipo izi zinathandizanso kuti wina asadine batani lozimitsa anzake ali pa ntchito. Kachiwiri ndi kiyibodi. Makompyuta ambiri akale amene tili nawo kuno ali ndi kiyibodi ya ku Britain, ena ya ku America, ndipo chizindikiro cha @ chili pa malo osiyana. Makina akale akauzidwa mtundu wolakwika, mphunzitsi amene pasiwedi yake ili ndi @ amakanidwa kulowa, iye akulumbira kuti walemba zolondola. Muuzeni alembe pasiwediyo m'kabokosi ka dzina, komwe zilembo zimaoneka, ndipo vuto lidzaonekera pompo.

Tsopano nkhani imene imagamula ngati xrdp ndi yanu kapena ayi ndi mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito. Pa Linux palibe Word ndi Excel zoikidwa pa makina. Pali LibreOffice, yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx ndi xlsx. Kwa aphunzitsi a Chichewa, English, History ndi Geography kusinthaku sikunavute. Poyamba mayeso akale olembedwa mu Word ankasuntha masamba, funso lomaliza n'kugwera tsamba lina, ndipo chifukwa chake chinali zilembo. Nditaika Carlito ndi Caladea, zomwe kukula kwake n'kofanana ndi Calibri ndi Cambria, pamodzi ndi Liberation m'malo mwa Arial ndi Times New Roman, masamba ambiri anabwerera m'malo mwake. Abambo ophunzitsa masamu ndiwo sanakhutire. Ali ndi mayeso a zaka zambiri okonzekeretsa ana MSCE, odzaza ndi ma equation ndi zojambula zopangidwa mu Word, ndipo zina mwa izo zimasokonekera zikatsegulidwa kwina. Anandiuza kuti, "Achimwene, makina anuwa ndi achangu, koma ntchito yanga ya zaka zonsezi sindingayambirenso." Akunena zoona, ndipo sindinawakakamize. Amalembabe mayeso pa laputopu yawo, n'kumalowa mu seva pongofuna kulowetsa malikisi.

Chimodzimodzi a bursar. Pulogalamu yawo ya fizi ndi malipiro imayenda pa Windows yokha, ndiye anatsala ndi kompyuta yawo. Ofesi imene moyo wake wonse uli mu Sage Pastel kapena QuickBooks ya pa kompyuta, ndipo ikufuna anthu 5 alowemo nthawi imodzi, xrdp siingaithandize. Imeneyo iwerengere ndalama za Windows Server ndi ma CAL, ione ngati phindu lake likukwana. Ena amati muyese Wine, yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, koma mabuku a ndalama si malo oyeserera. Koma ofesi imene ntchito yake ndi makalata, ndandanda, imelo ndi zinthu za pa intaneti monga Msonkho Online ya MRA, Google Drive kapena kubanki, ilibe chifukwa cholipirira laisensi ya munthu aliyense.

Ahedi ataona kuti zikuyenda anafuna kumalowa ali kunyumba madzulo kuti aziona masukulu lipoti. Apa ndi pomwe anthu ambiri amadzipweteka. Amatsegula port 3389 pa rauta kuti iyang'ane kunja, ndipo pali makina padziko lonse amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kufufuza khomo limeneli n'kumayesa mayina ndi mapasiwedi. Magulu ambiri otseka mafayilo a anthu n'kumafuna dipo amalowera pa RDP yosiyidwa poyera. Mu May 2019 kunapezeka bowo lotchedwa BlueKeep mu RDP ya Windows, loopsa moti Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP yomwe inali itasiya kale kuisamalira. Bowo limenelo linali la Windows, koma xrdp nayo yakhalapo ndi mabowo ake, komanso ilibe Network Level Authentication, yomwe imafunsa pasiwedi munthu asanaonetsedwe chilichonse, ndiye aliyense wofika pakhomopo amaona kabokosi kolowera. Musaiike poyera, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Ine ndinaika Tailscale pa seva ndi pa laputopu ya ahedi. Imeneyi imamangidwa pa WireGuard ndipo imapanga kanjira kobisika pakati pa makina amene mwawaloleza okha. Imathandizanso pa vuto lina lathu: intaneti ya pa simu khadi nthawi zambiri siikupatsa adiresi yakoyako yoti munthu akupezere kuchokera kunja, ndiye kutsegula port pa rauta sikugwira n'komwe, pomwe Tailscale imadutsa. Pa bandulo ya foni ndinawachepetsera mitundu kufika pa 16-bit n'kuchotsa chithunzi chakumbuyo. Kuwerenga ndi kukonza zikalata kumayenda bwino netiweki ikakhala yabwino, ndipo ikaduka amangolowanso n'kupeza ntchito ili pomwe anaisiya.

Pa chinsinsi cha mayeso, kukhala pa makina amodzi kunalimbitsa zinthu kuposa kale. Pa makompyuta akale aja aliyense ankalowa ndi akaunti imodzi yopanda pasiwedi, mayeso a Fomu 4 ali pa desktop, mwana wotumidwa kukatenga choko akhoza kuwaona. Tsopano foda ya mphunzitsi aliyense ndi yake yekha. Pali foda imodzi ya onse yoikamo ndandanda za malikisi ndi makalata, ndi ina ya mayeso omalizidwa imene amaiona ndi ahedi ndi wachiwiri wawo basi. Mphunzitsi akachoka pa sukulupo ndimatseka akaunti imodzi, ndipo m'makina akale aja mulibe chilichonse chimene wakuba angapindule nacho.

Thandizo pa xrdp ndi lochepa kwa munthu wosazolowera. Palibe nambala yoimbira, palibe batani loti Next, Next, Finish. Zinthu zikakanika mumawerenga /var/log/xrdp.log ndi /var/log/xrdp-sesman.log, ndipo muyenera kudziwa chimene mukuyang'ana. Sukulu kapena ofesi yofuna njira imeneyi ikhale ndi munthu wodziwako Linux amene angabwere kapena kulowa patali. Ikangokhazikika siifuna zambiri, ine ndimalowa kamodzikamodzi kuika zosintha Loweruka pomwe kulibe anthu, poti kuyambitsanso seva kumatulutsa aliyense.

Choopsa chachikulu cha dongosolo lonseli ndi chakuti kompyuta imodziyo ikafa, anthu onse 6 aima nthawi imodzi, ndipo mafayilo a onse ali m'menemo. Ndiye chifukwa chake ndinaumirira disiki yachiwiri ija. Usiku uliwonse kapulogalamu kokopera mafayilo kotchedwa rsync kamakopera mafoda onse a aphunzitsi ku disikiyo, ndipo Lachisanu lililonse wachiwiri kwa ahedi amalowetsa disiki yakunja, kudikira kuti ithe kukopa, n'kupita nayo kunyumba, kuti moto kapena akuba akalowa mu ofesi zinthu zisathere limodzi. Mafayilo a xrdp.ini ndi sesman.ini pamodzi ndi mndandanda wa maakaunti ndinawasunganso padera, kuti seva ikafa nditha kuimika ina pa kompyuta iliyonse yobwereka tsiku lomwelo. Kumayambiriro kwa teremu iliyonse timatenga foda ya mphunzitsi mmodzi kuchokera pa disiki yakunja ija n'kuitsegula pa makina ena, kuti titsimikize kuti makopewo akuwerengeka. Teremu ikubwerayi ahedi akufuna kuwonjezera makina ena 4 mu laibulale, ndipo ndawauza kuti tiyambe tagula switch ya mabowo 16 ndi batire ina ya inivata tisanakoke waya.